KUWEDZA NSOMBA MADZI ATAPHWA M'MITSINJE

Phunziro la alimi okhala m'mbali mwa mitsinje ya Kum'mawa

Mvula ikaleka mwezi wa Epulo, mitsinje ya dziko la Chipata iyamba kuphwa pang'onopang'ono. Lunkhwakwa umene upita pakati pa tauni, Lutembwe, Msandile ndi Lupande, yonseyi madzi ace atsikira ku Luangwa. Ndipo pofika Seputembala ndi Okutobala, yambiri mwa mitsinje yotere isanduka mcenga wokhawokha, madzi natsala m'maiwe apa ndi apo. Ngakhale Luangwa weniweniyo ucepa kotero kuti pamalo ena madzi alekeza m'maondo.

Imeneyi ndiyo nyengo imene mlimi ali ndi mpata. Zokolola ziri m'nkhokwe, kubzala sikunayambe, ndipo ndiwo zasowa pakhomo. Cifukwa cace ambiri atenga mbedza, miono ndi maukonde napita kumtsinje. Pamenepa palibe colakwa, pakuti nsomba ndi cakudya comanga thupi, makamaka kwa ana ndi kwa amai apakati. Koma kulipo kusodza kumene kudyetsa banja caka ndi caka, kuliponso kusodza kumene kukhutitsa mudzi tsiku limodzi ndi kusiya mtsinje wopanda kanthu. Phunziro lino lifotokoza kusiyana kwace.

NSOMBA ZA M'DZIWE NDIZO MBEU

Mlimi aliyense adziwa kuti pokolola apatula ngala zabwino za cimanga nazisunga, ndipo ngakhale njala ilowe m'nyumba sazikhudza. Munthu wodya mbeu yace anthu amseka. Komatu ambiri sazindikira kuti mtsinje nawonso uli ndi nkhokwe yace ya mbeu, ndiyo maiwe akuya amene sauma m'cilimwe.

M'dzinja nsomba zimwazikana ponseponse, m'madambo ndi m'timifuleni. Madzi akayamba kubwerera, izo zitsata madziwo kufikira zonse zasonkhana m'maiwe owerengeka. Munthu akaona nsomba zoculuka m'dziwe limodzi ayesa kuti mtsinje uli ndi nsomba zosatha, koma si tero ai. Zimene aziona pamenepo ndizo zonse zotsala za cigawo cacikuru ca mtsinjewo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, nsomba zomwezo ndizo zituruka kukaswana. Milamba ikwera ndi madzi atsopano nikaikira mazira m'maudzu omira, ndipo mlamba umodzi waukuru uikira mazira zikwi makumi angapo. Nchila nazo zikwera mtsinje madzi akadzala. Mphende, zimene ena azitcha pale, abale ace a cambo ca ku Malawi, ziyamba kuswana madzi akafunda, mvula isanagwe; ndipo pa mitundu ina yaikazi isunga mazira ndi ana m'kamwa mwace kufikira atalimba. Tsono wakupha nsomba zonse za m'dziwe mwezi wa Okutobala waphera pamodzi ndi nsomba za caka camawa.

CIMENE CICITIKA M'MADZI OCEPA

Msodzi wofuna kupindula ayenera kudziwa mabvuto amene nsomba iri nao pa nyengoyi.

Bvuto loyamba ndilo mpweya. Nsomba ipuma mpweya wosungunuka m'madzi, umene ophunzira autcha okosijeni, ndipo iukoka ndi makha, ziwalo zofiira za m'mbali mwa mutu. Madzi ozizira asunga mpweya wambiri koposa madzi ofunda. Lita imodzi ya madzi a madigiri 20 ikhoza kusunga mamiligalamu 9, koma madziwo akafika madigiri 30 asunga 7 ndi theka cabe. Ku cigwa ca Luangwa, kumene kutentha kwa Okutobala kupitirira madigiri 40, maiwe osaya afunda msanga, ndipo nsomba zilefuka ndi kuleka kudya. Mlamba wokha ndiwo upirira, cifukwa uli ndi ciwalo cina m'mutu cimene upumira mpweya wa kunja. Ndiye cifukwa cace ukhala ndi moyo ngakhale m'matope.

Bvuto laciwiri ndilo ndere. M'dziwe loima madzi abiriwira. Usana ndere zionjeza mpweya m'madzi, koma usiku ziumwa, kotero kuti mbandakuca mpweya ucepa koposa nthawi ina iriyonse. Ndipo nsomba zioneka ziri kuyasama pamwamba pa madzi.

Bvuto lacitatu ndilo mantha. Madzi a m'cilimwe ayera, ndipo nkhwazi, akakowa ndi ng'ona ziri pomwepo. Nsomba icenjera kwambiri. Iona cithunzi ca munthu ali patali, ndiponso imva kugunda kwa mapazi ndi mzere umene uli m'nthiti mwace kucokera kumutu kufika kumcira.

CIMENE ASODZI A MAIKO ENA APHUNZIRA

Bvuto la madzi ocepa siliri kuno kokha. Ku Scotland, m'mitsinje monga Tay, Spey ndi Tweed, kuli nsomba zotchedwa salmon ndi sea trout. Izo zibadwira mumtsinje, zitsikira ku nyanja yamcere kukakula, ndipo zibwerera ku mtsinje wa kwao kudzaswana. Mvula ikasowa, nsombazo zikhala phee m'maiwe akuya kulindira madzi. Asodzi a kumeneko anaphunzira kuti pa nthawi yotere munthu acepetsa zonse: cingwe copyapyala, mbedza yaing'ono, mapazi opepuka. Apita kumadzi m'mamawa ndi madzulo, ndipo sea trout aiwedza usiku. Madzi akafunda kwambiri aleka kuwedza. Popeza salmon yacepa, kuyambira 2016 lamulo la dzikolo likakamiza msodzi kubwezera m'madzi salmon iriyonse imene waigwira pa mitsinje imene nsombazo zatsala pang'ono.

Citsanzo cina ciri pafupi, kungodutsa malire a pa Mwami. Mtsinje wa Bua uyambira m'dziko la Mchinji nukathira m'nyanja ya Malawi. M'nyanjamo muli mpasa, nsomba imene Angerezi anaifanizira ndi salmon cifukwa nayo ikwera mitsinje kukaswana. Mpasa iyamba ulendo wace ca kumapeto a dzinja, niikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera ndi osaya m'miyezi yopanda mvula. Pa nthawiyo n'kwapafupi kuigwira. M'mitsinje yambiri anthu anatchinga njira yace ndi mabiyo, anathira mankhwala m'madzi, ndipo dothi la m'minda linakwirira timiyala tija. Lero mpasa yacepa kwambiri, ndipo malo amodzi amene isweranabe bwino ndiwo cigawo ca Bua copita m'nkhalango yosungidwa ya Nkhotakota. Cimene cinaoneka pa mpasa cikhoza kuonekanso pa nchila ndi mphende za ku Lupande.

MAWEDZEDWE ANZERU

Mbedza ndiyo cida coyenera nyengo ino, cifukwa igwira nsomba imodziimodzi ndipo msodzi asankha yotenga ndi yosiya. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mau amenewa ayenera msodzi wa m'cilimwe koposa munthu wina aliyense.

1. Malo. Msodzi afune pokhota mtsinje, kumbali imene madzi anakumba gombe, pakuti pamenepo ndipo pakuya. Ayang'anenso pansi pa mizu ya mikuyu, micenja ndi misikidzi, pamene pali mthunzi, ndi pa mitengo yogwera m'madzi. Ngati kamadzi kakali kuyenda, malo opambana ndiwo kumutu kwa dziwe kumene madzi alowera, cifukwa madzi oyenda adza ndi mpweya ndi cakudya.

2. Nthawi. Dzuwa liri paliwombo nsomba sizidya. Pa dziwe limene madzi akali kuyenda, nthawi yabwino ndiyo m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndi madzulo. Koma pa dziwe loima, la madzi obiriwira, m'mamawa nsomba ziri zolefuka ndi kusowa mpweya. Kumeneko msodzi apite dzuwa litapendeka. Milamba idya kwambiri kukada.

3. Kafikidwe. Nsomba iyang'ana kumene madzi acokera, tsono msodzi afike cocokera kumunsi. Asaimirire pamwamba pa gombe. Akhale pansi kuseri kwa bango, nayang'anire kuti cithunzi cace cisagwere m'madzi. Zobvala zoyera mbee kapena zofiira zithawitsa nsomba. Agalu ndi ana aphokoso atsale kumudzi.

4. Zida. Cingwe cikhale copyapyala koposa ca m'dzinja, mbedza yaing'ono, ndi cotitimiza copepuka kuti nyambo igwe m'madzi mosacita phokoso. Wofuna mceni, nsomba ya mano akuthwa ya mu Luangwa, aike kawaya pakati pa cingwe ndi mbedza.

5. Nyambo. Nyongolotsi za kudimba zikondedwa ndi nsomba zambiri. Ziwala ndi ciswe nazo zigwira nchito. Mphende zidya kansima koumba bwino, ndipo mlamba ukopeka ndi matumbo a nkhuku. M'madzi oyera nyambo yaing'ono ipambana yaikuru.

6. Kusuntha. Msodzi akakoka nsomba ziwiri kapena zitatu pamalo amodzi, zotsalazo zicenjera. Kuli bwino kupita pena, ndi kubwerera patapita nthawi.

7. Zobwezera. Nsomba yocepa kuposa cikhato, ndi mphende imene yapezeka ndi mazira kapena ana m'kamwa, zibwezedwe m'madzi msanga. Poikola munthu ayambe wanyowetsa manja, cifukwa dzanja louma licotsa cinthu coterera ca pakhungu cimene ciiteteza ku matenda.

MAIWE A MITUNDU IWIRI

Ena anena kuti, "Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto, nsomba zimenezi zifa ndithu madzi akauma." Mauwa ali oona pa maiwe ena, koma pa ena ai, ndipo nzeru yonse iri pa kusiyanitsa.

Ziripo zithaphwi ndi matawale osaya amene auma caka ciriconse mvula isanabwere. Nsomba za m'menemo zidzadyedwa ndi mbalame ngati anthu sazitenga. Kumeneko anthu abvuule ndi madengu ndi miono, palibe cotayika. Ndipo mudzi wanzeru utenga tiana ta nsomba m'zidebe za madzi, m'mamawa kukali kozizira, nukatiika m'dziwe losaphwa la mtsinje womwewo.

Aliponso maiwe akuya amene nkhalamba za pamudzi sizinaone pansi pace ngakhale caka ca cilala. Amenewa ndiwo nkhokwe ya mbeu. M'menemo mbedza yokha ndiyo ilowe. Khoka ndi maukonde a maso aang'ono zisafikeko. Nyakwawa ndi akuru a mudzi ndiwo adziwa maiwe onse ndi maina ao. Iwo akhoza kukhala pansi mwezi wa Ogasiti, madzi asanacepetse, napangana kuti dziwe lakuti ndi lakuti lisungidwe. Ndipo popeza mtsinje umodzi upita m'midzi yambiri, pangano lotere lilimba likafika kwa mfumu yaikuru.

Miono ya pa mabiyo nayo iri ndi mwambo wace. Biyo lisatseke mtsinje wonse. Pasiyidwe mpata wopitira nsomba, ndipo lipasulidwe mvula isanayambe.

KATUPE, MANKHWALA NDI MASIKITO

Njira zitatu ndizo zitha nsomba m'mitsinje ya kuno.

Yoyamba ndiyo katupe, citsamba cimene ena acitcha ombwe kapena ububa, ndipo dzina lace la m'mabuku ndi Tephrosia vogelii. Masamba ace akasinjidwa ndi kuthiridwa m'dziwe, ululu wace ulowa m'makha nulepheretsa nsomba kupindula ndi mpweya. Katupe sasankha. Apha zazikuru ndi tiana tomwe, ndipo zambiri zimira ndi kuolera pansi osatoledwa ndi munthu. Citsambaci pacokha si coipa. Akatswiri a pa Msekera, pafupi ndi Chipata, anaciyesa pamodzi ndi mitengo ina m'minda yogonera, napeza kuti cibwezera conde m'nthaka yoguga. Ndipo masamba ace athandiza kupirikitsa tizirombo m'dimba. Malo ace ndiwo kumunda, kumtsinje ai.

Yaciwiri, yoipa koposa, ndiyo mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba. Wothira zimenezi m'madzi aika ciphe m'mbale ya ana ace ndi ya ogula nsombazo. Madzi omwewo amwa ng'ombe ndi mbuzi, ndipo amai a kumunsi atunga m'zitsime za mumcenga. Ngakhale kutsuka copopera m'mtsinje kukhoza kupha dziwe lonse.

Yacitatu ndiyo masikito, maukonde ocinjiriza udzudzu amene aperekedwa kucipatala. Maso ace ndi aang'ono kotero kuti akokolola ndi mazira omwe, ndiponso anyikidwa m'mankhwala amene nsomba sizipirira. Banja locita zimenezi litayika pawiri: ana agona pa udzudzu nadwala malungo, ndipo mtsinje utha.

Lamulo la za nsomba la dziko la Zambia, la caka ca 2011, liletsa kupha nsomba ndi ululu, ndi zophulika, kapena ndi magetsi, ndipo wopezeka wolakwa alipitsidwa kapena kumangidwa. Masikito nao saloledwa posodza. Ndiponso Boma litseka usodzi m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto a Febuluwale, kuti nsomba ziswane mwamtendere. Anthu a ku Mambwe akumbukirenso kuti munthu saloledwa kulowa m'nkhalango ya South Luangwa kukasodza popanda cilolezo. Wofuna kumva za ziphaso ndi za maukonde obvomerezeka afunse ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lace.

ZOOPSA ZA KUMTSINJE

Kumene nsomba zasonkhana, ng'ona nazo zasonkhana komweko. Msodzi asakhale pamphepete penipeni pa madzi akuya, asatumbule nsomba pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, ndipo asalowe m'madzi kukaonjola mbedza yokodwa. Mbedza igulika, mwendo sugulika. Wowedza milamba madzulo apite ndi mnzace. Mvuu zipanikizana m'maiwe otsala nizikwiya msanga, ndipo n'koopsa kuima pa njira yao, pakati pa izo ndi madzi.

Nyama kapena nsomba yopezeka itafa yokha isadyedwe. M'cilimwe ca 2011, m'boma la Chama, mvuu zinafa ndi matenda a anthrax mu Luangwa, ndipo anthu oposa 500 amene anagwira kapena kudya nyamayo anadwala, ena namwalira.

M'madzi oima mukhalanso nkhono zofalitsa likodzo. Tizirombo tace tilowa pakhungu la munthu woyenda m'madzimo. Amai ndi ana obvuula nsomba ndiwo agwidwa kawirikawiri. Aliyense woona magazi pokodza apite kucipatala, pakuti mankhwala ace alipo. Ndipo munthu asakodzere kapena kudzithandiza m'madzi, cifukwa ndimo matendawa apitira kwa ena.

KUSUNGA ZIMENE ZAGWIDWA

Pa kutentha kwa Okutobala nsomba ibvunda m'maola owerengeka. Msodzi aitumbule msanga, acotse makha, naiike pamthunzi yokutidwa ndi udzu wonyowa. Zosadyedwa tsiku lomwelo zing'ambidwe, zithiridwe mcere, ndi kuwambidwa pa moto wofatsa wa utsi kufikira zitauma gwa. Zikaikidwa m'dengu lopita mphepo, kutali ndi nchenche, zisungika masabata angapo, ndipo zidzathandiza banja m'miyezi imene usodzi uli wotsekedwa.

NCHITO YA MLIMI PAMTUNDA

Nkhalamba zambiri zisimba za maiwe amene zinasambamo pa ubwana, amene lero ali mcenga. Maiwe otere sanathe ndi msodzi koma ndi khasu ndi nkhwangwa. Mitengo ya m'mapiri ikatha ndi makala, ndipo minda ikalimidwa kufika pagombe penipeni, mvula ikokolola dothi nilikadzaza maiwe. Dziwe losaya lifunda msanga ndi kuuma msanga. Cifukwa cace mlimi wofuna nsomba asiye mitengo, bango ndi udzu m'mbali mwa mtsinje, alime mizere yopingasa pamalo otsetsereka, ndipo wothirira dimba ndi makina asapope dziwe la mbeu kufikira litauma.

Amene ali ndi dambo la madzi osaphwa akhoza kukumba dziwe lace la nsomba, nafunsa alangizi a za nsomba kumene angapeze mbeu yabwino. Mphende zodyetsedwa gaga ndi masamba, m'madzi othiridwa manyowa, zikula kufika podyedwa m'miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Banja lotere lidya nsomba osalemetsa mtsinje.

Mlimi amene asunga ngala za mbeu padenga la khicini wadziwa kale phunziro lonseli. Cotsala ndico kulitengera kumtsinje, mwezi uno, madzi asanathe.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MISONKHANO YA ALIMI

1. Ndi maiwe ati a pafupi ndi mudzi amene sauma, ndipo ndani awayang'anira?
2. Ndi mitundu iti ya nsomba imene inali yambiri kale koma lero yasowa? Cinaisowetsa n'ciani?
3. Cifukwa ninji nsomba za m'dziwe lobiriwira ziyasama pamwamba mbandakuca?
4. Mudzi ungacitenji ndi munthu wothira katupe kapena mankhwala m'madzi amene anthu onse amwa?